Diso Silinabwere pa Sitima

Pali chiphunzitso china chimene chakhala chikuyenda mwakachetechete m'makalasi a zaluso m'chigawo chino cha Africa, kuchokera m'kamwa mwa aphunzitsi ena kupita m'makutu mwa ophunzira awo, ndipo poti chimavala malaya a ufulu, ndi ochepa amene amalimba mtima kuchifunsa kumene chinabadwira. Chiphunzitsocho chimati kukhala pansi ndi pensulo n'kumajambula chinthu chimene chili pamaso pa munthu, monga momwe chikuonekera, ndi mwambo wa Azungu. Chimati mmisiri wa ku Africa amajambula za mumtima, za m'maloto ndi za mizimu, ndipo wophunzira amene watha masana onse pakhonde akulimbana ndi kukamwa kwa mphika wa amayi ake akungodzimanga yekha ndi unyolo umene atsamunda anausiya. Ophunzira amachilandira ndi manja awiri chifukwa chimawapeputsira ntchito yowawa. Aphunzitsi ena amachikonda chifukwa n'kosavuta kupereka malikisi pa "maganizo" kusiyana ndi kuuza mwana wa eni ake kuti mkono umene wajambulawo ndi wautali kuposa wa munthu aliyense wamoyo. Chiphunzitso chimenechi n'chabodza, ndipo bodzalo lili ndi mbiri imene olifalitsa akanachita nayo manyazi akanaidziwa.

Mbiriyo iyambire ku Harare. M'chaka cha 1957, pamene mzindawo unkatchedwa Salisbury, kunatsegulidwa nyumba ya zaluso yotchedwa Rhodes National Gallery, ndipo mkulu wake woyamba anali Frank McEwen. Munthuyu anachita zambiri zotamandika. Anapereka utoto ndi zipangizo kwa anthu akuda pa nthawi imene Azungu anzake ankaona zoterozo ngati misala, ndipo ziboliboli za miyala za dzikolo zinakaonetsedwa ku Paris ndi ku London kudzera mwa iye. Koma tsinde la ntchito yake linali chikhulupiriro chakuti luso la munthu wakuda limatumphuka lokha kuchokera pansi pa mtima wa fuko, ndipo sukulu ingangoliwononga. Ankanyadira kuti iye saphunzitsa. Pofalitsa nthano imeneyi sankakonda kutchula kuti ena mwa amisiri ake otchuka, monga Nicholas Mukomberanwa, anali atasulidwa kale pa mishoni ya Serima. Ku Tengenenge, kumene Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema miyala mu 1966, ambiri mwa osemawo anali antchito a m'minda ya fodya ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, Achewa ndi Ayao ali momwemo, koma msika unawathira onse m'thumba limodzi lolembedwa kuti "Shona". Wogula wa ku Ulaya sankafuna mmisiri wophunzira. Ankafuna munthu wa kutchire wogwidwa ndi mzimu.

Ku Lubumbashi zinali chimodzimodzi. Pierre Romain-Desfossés, amene anatsegula malo ake ojambulira kumeneko m'zaka za m'ma 1940, ankatchinjiriza ophunzira ake ku maphunziro a ku Ulaya ngati wotchinjiriza khanda ku nthomba. Koma nkhani imene wophunzira aliyense wa zaluso ayenera kuisunga pamtima ndi ya ku Nigeria. Aina Onabolu, wobadwa mu 1882, anakulira m'dziko limene atsamunda ankanena poyera kuti munthu wakuda sangathe kujambula nkhope yofanana ndi mwini wake. Iye anadziphunzitsa yekha kunyumba, poyamba potengera zithunzi za m'mabuku, kenako pojambula anthu amoyo a mu Lagos, ndipo mu 1920 anapita kukaphunzira ku London. Atabwerako analimbana ndi boma kuti zojambula ziziphunzitsidwa m'sukulu. Mphunzitsi amene boma linabweretsa mu 1927, Kenneth Murray, anatenga njira ina: ankafuna kuti ana a ku Nigeria akhalebe pa zosema, zoumba ndi zithunzi za moyo wa kumudzi, osadzivutitsa ndi malamulo a kaonekedwe ka zinthu zapafupi ndi zakutali. Tsono pamenepa owerenga aone okha. Amene ankamenyera ufulu wojambula chimene diso likuona anali munthu wakuda. Amene ankati "zimenezo si zanu" anali Mzungu. Mphunzitsi wa lero amene amaletsa wophunzira kujambula mphika wa amayi ake m'dzina la kuthana ndi utsamunda waima kumbali ya Murray, koma akudziyesa mdzukulu wa Onabolu.

Ndipo kukana kuti munthu wa ku Africa ali ndi diso sikunathere m'nyumba za zaluso. Leo Frobenius atafika ku Ife mu 1910 n'kuona mitu yosulidwa mwaluso, yokhala ndi masaya, milomo ndi zikope za anthu enieni, mutu wake unakana kuvomera kuti anaipanga ndi Ayoruba, mpaka anakumba nthano ya dziko lomira la Atlantis kuti apeze mwini wake wina. Mu 1960, ku Johannesburg, William Hudson anafalitsa kafukufuku wake wodziwika uja. Ankaonetsa anthu chithunzi cha mlenje wonyamula mkondo, gwape ali pafupi, ndi njovu yaing'ono itaima pa kaphiri chapakati, n'kufunsa kuti mlenjeyo akulasa chiyani. Amene ankayankha kuti njovu ankawerengedwa kuti satha kuona kuya kwa chithunzi. Kwa zaka zambiri zotsatira zake zinkatchulidwa ngati umboni wakuti maso a anthu akuda ndi ena. Ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti chithunzicho chinali chojambulidwa mosalongosoka, ndipo chimene chinkayezedwa chinali kuzolowera malamulo a zithunzi za m'mabuku a sukulu, osati kuona kwenikweni.

Yankho labwino koposa linachokera ku Lusaka. Robert Serpell, wa pa yunivesite ya Zambia, anafalitsa mu 1979 zotsatira za kafukufuku wosavuta koma wanzeru. Anapempha ana a ku Zambia ndi ana a ku England kuti atengere maonekedwe a zinthu zofanana m'njira zosiyanasiyana. Pa pensulo ndi pepala, ana a ku England anapambana. Pa waya, ana a ku Zambia anapambana. Pa zoumba, onse anafanana. Aliyense amene anakulira m'makwalala a Matero, Ndirande kapena Mbare sangadabwe nazo. Mnyamata amene amapinda galimoto ya waya amadziwa kusiyana kwa mphuno ya lole ina ndi inzake, amadziwa pamene matayala am'mbuyo amakhala poyerekeza ndi chitseko, ndipo anzake amamuseka akalakwitsa. Anayang'ana, anayeza, anakumbukira. Diso analinalo kale. Chimene analibe ndi maola ambiri a pensulo m'manja. Kafukufuku wa Serpell akuphwanya mbali ziwiri nthawi imodzi: akutsutsa amene ankati munthu wakuda saona, ndipo akutsutsanso amene akuti luso limabwera lokha popanda kuyeserera, chifukwa gulu lililonse linapambana pa chimene manja ake anazolowera.

Chiyankhulo nachonso chili ndi umboni wake, ndipo ndi umboni umene ophunzira amautafuna tsiku ndi tsiku osaumva kukoma. Chichewa sichikhutira ndi mneni mmodzi wa ntchito ya maso. Pali kuona, pali kuyang'ana, pali kupenya, kusuzumira, kucheuka. Ndipo pamwamba pa amenewa pali msintho wotsindika umene umabala kuonetsetsa, kuyang'anitsitsa ndi kupenyetsetsa. Munthu wonyamula katundu sangoti wanyamula: wasenza ngati uli pamutu, wabereka ngati ali kumsana, wayangata ngati ali m'manja, wafungatira ngati wamuphimba ndi chifuwa. Wokhala pansi mwina wakhala tsonga, mwina wanjuta, mwina watambalala, ndipo womvera amaona m'maganizo mwake pamene bondo lili ndi momwe msana wapindikira. Nanga mvekero? Psuu sali ngati bii, mbee sali ngati mbuu, ndipo amene wati munthu wangoti zyoli wajambula khosi, mapewa ndi maso ndi liwu limodzi. Mawu oterewa sanapangidwe ndi anthu olota. Anapangidwa ndi anthu amene kwa mibadwo yambiri anakhala akuyang'anitsitsa matupi a anzawo pa ntchito, pa maliro ndi pa bwalo. Ngakhale liwu lakuti chithunzi lili pa tsinde limodzi ndi mthunzi, ngati kuti makolo ankadziwa chimene mphunzitsi aliyense wa zojambula amavutika kulowetsa m'mitu ya ophunzira a chaka choyamba, chakuti chinthu chimaoneka cholemera ndi chobulungira chifukwa cha mdima umene uli pa icho ndi pansi pake.

Tsono kodi chimachitika n'chiyani wophunzira akakhala pansi kunyumba, mbale ili patebulo, pensulo ili m'manja? Chimachitika ndi nkhondo pakati pa chimene akudziwa ndi chimene akuona. Amadziwa kuti mbale ndi yozungulira. Koma kuchokera pamene wakhalapo, kukamwa kwa mbaleyo n'kophwatalala, mwina kutalika kwake kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 4 a m'lifupi mwake. Dzanja limamvera chidziwitso, ndipo mbale imatuluka papepala itayasama ngati ikugwa patebulo. Robert Thouless anayeza zimenezi mu 1931 ndipo anapeza kuti anthu amaona chozungulira chopendekeka ngati chozungulira kuposa momwe chikugwera m'diso. Mu 1997 Dale Cohen ndi Susan Bennett anafufuza chifukwa chimene anthu ambiri amalepherera kujambula zimene akuona, ndipo anapeza kuti vuto lalikulu silili pa kunjenjemera kwa dzanja koma pa kuona molakwika chinthu chimene chikujambulidwacho. Mawu akuti "ndilibe dzanja la zojambula", amene achinyamata ambiri amathawirapo, amaloza chiwalo chosalakwa.

Mankhwala ake ndi odziwika, ndipo palibe ngakhale amodzi ofuna nyumba yapadera. Wophunzira amatambasula mkono, kutsinzina diso limodzi, n'kuyeza ndi chala chachikulu pa pensulo kuti mtondo ndi wautali kangati poyerekeza ndi kukamwa kwake. Amasiya kujambula miyendo ya mpando n'kujambula mipata ya pakati pa miyendoyo, chifukwa mpata ulibe dzina, ndipo chopanda dzina sichinamiza diso. Amatsinzina pang'ono kuti tinthu ting'onoting'ono tizimirire, patsale zigawo za kuwala ndi mdima zokha. Kimon Nicolaïdes, m'buku lake limene linasindikizidwa mu 1941 iye atamwalira kale, ankalamula ophunzira kuyendetsa diso pang'onopang'ono m'mphepete mwa chinthu, pensulo ikuyenda limodzi nalo, osayang'ana papepala n'komwe. Chimene chimatuluka n'choseketsa, koma cholinga si chithunzi. Cholinga n'chakuti diso lisiye kudumpha. Betty Edwards mu 1979 anatchukitsa njira yotengera chithunzi chozondotsa. Maganizo ake okhudza mbali ziwiri za ubongo akatswiri anawakayikira, koma njirayo imagwirabe ntchito pa chifukwa chosavuta: nkhope yozondoka imasiya kukhala "nkhope" n'kusanduka mizere. Kenako pali nkhuku. Nkhuku siimira munthu. Wophunzira ali ndi masekondi mwina 20 kuti agwire kupendekeka kwa thupi lake isanasunthe, ndipo akachita zimenezi ka 50 m'mawa umodzi amakhala waphunzira za kusankha mzere wofunika kuposa zimene angaphunzire m'mwezi wathunthu wa zolemba za pa bolodi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhuku imaphunzitsa mbali inayo, kuti diso lodekha liyeneranso kukhala lachangu.

Mdani wachiwiri wa ntchito imeneyi alibe chiphunzitso. Ali m'thumba la wophunzira aliyense. Pano chiyankhulo chimene chatamandidwa pamwambapa chili ndi mlandu wake, chifukwa mneni mmodzi, kujambula, wasenza katundu wa anthu anayi: wa pensulo, wa kamera, wa makina a kuchipatala ounika mafupa, ndi wa oimba mu situdiyo. Mdzukulu akati, "Agogo, ndikujambuleni?", agogo amalowa m'nyumba, kuvala chitenje chatsopano, kumanga mpango, n'kudzaima chilili, manja ali m'mbali. Akaona kope ndi pensulo amafunsa kuti, "Nanga iwe, kamera yako ili kuti?" Kuseketsa kwa nkhaniyi kusabise phunziro lake. Agogo a pa kamera ndi agogo a pa tchalitchi. Agogo enieni amabwera pakatha mphindi 10, akatopa ndi kuima, n'kubwerera pa mphasa kukapitiriza kutong'ola chimanga, msana utapindika monga umapindikira masiku onse, chala chachikulu chikukankha njere mwa njira imene palibe buku linalembapo. Wa kamera amakhala atapita kale. Wa pensulo ndi amene amakhalapo.

Wophunzira amene amajambula chinthu ndi foni kaye kuti akachitengere bwino usiku amaganiza kuti wasunga nthawi, koma wapereka kwa makina ntchito yeniyeni imene anayenera kuiphunzira. Kusandutsa dziko lokhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo kuti likhale pa pepala lafulati ndiye phata la kujambula konse, ndipo foni imakhala itachita kale zimenezo. Imazichitanso mwa njira yake. Diso lake n'lotambalala, kotero limakuza zapafupi ndi kuchepetsa zakutali. Mphuno imatupa, makutu amathawira kumbuyo. Mapulogalamu ake amawalitsa mithunzi popanda kufunsa mwini foni. Wotengera chithunzi chotere amatengeranso mabodza akewo mokhulupirika, ndipo mphunzitsi wodziwa ntchito amazindikira msanga: tsitsi lililonse lili m'malo mwake, koma mutu ulibe chigaza m'kati. Misika ya zithunzi za alendo yadzaza ndi luso lotere, la amayi osenza mitsuko dzuwa likulowa, amene owajambula sanawaonepo akutula mtsuko pansi.

Mu 1515 chipembere cha ku India chinafika ku Lisbon ngati mphatso ya mfumu Manuel. Albrecht Dürer, ali ku Nuremberg, sanachione. Analandira malongosoledwe olembedwa ndi kachithunzi ka munthu wina, n'kusema chithunzi chake chotchuka chija: chilombo chovala zishango ngati msilikali, miyendo ili ndi mamba, ndi kanyanga kena kopota kali pamsana, kamene chipembere chilichonse chilibe. Chithunzicho chinali chokongola kwambiri moti chinatengeredwa m'mabuku a za nyama kwa zaka zoposa 200. Dürer yemweyo, mu 1502, anajambula kalulu amene mpaka lero amaoneka ngati apuma. Mmisiri ndi mmodzi, dzanja ndi limodzi. Kusiyana n'kwakuti kalulu ankamudziwa ndi maso ake, chipembere anangochimva. Kuyambira mu 2022 makina opanga zithunzi kuchokera ku mawu afika m'manja mwa aliyense amene ali ndi intaneti, ndipo amagwira ntchito ngati Dürer wa chipembere: amasonkhanitsa zimene ena anajambula kale n'kupanga chooneka ngati choona. Munthu akawapempha mudzi wa ku Africa amamupatsa mudzi wa m'makalendala a alendo. Sadziwa kuti nkhokwe ya ku Dedza imalukidwa motani, kuti chigubu cha madzi chimakhala pati m'khitchini, kapena kuti pa khonde la nyumba ya malata pamakhala kasola kakang'ono kakutchaja foni pafupi ndi lichero. Chokhacho chimene wophunzira wa kuno ali nacho chimene makinawo alibe ndi mpando wake pakhomo pa makolo ake. Kumuuza kuti ausiye mpandowo ndi kumulanda chuma chokhacho.

Ena amadandaula mwa mtundu wina. Amati kunyumba kulibe chojambula. Kujambula kwenikweni kumafuna chipinda cha mazenera aakulu, ziboliboli za Agiriki ndi munthu wolipidwa kuti aime osasuntha. Mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa sukulu, madandaulo amenewa anamveka ngati kuti luso lenilenilo latsekeredwa m'kalasi pamodzi ndi madesiki. Koma Giorgio Morandi anatha zaka makumi angapo m'nyumba yake ku Bologna akujambula mabotolo ndi mitsuko yomweyomweyo, akungoisuntha pang'ono. Rembrandt anasiya mapepala ambirimbiri a mkazi wake ali chigonere ndi a ana akuphunzira kuyenda. Mtsuko wa dothi wodetsedwa ndi utsi uli ndi maphunziro onse a kuwala ndi mdima amene ali pa mutu wa Apollo, ndipo uli ndi china chimene Apollo alibe: wophunzira amadziwa kulemera kwake, chifukwa anausenzapo.

Pali chifukwa china cholemera kuposa maphunziro. Gerard Sekoto anafika ku Sophiatown mu 1938 ndipo anajambula zimene zinali pakhomo: misewu yafumbi, azimayi ochapa, anthu m'tizipinda topanikizana. Mu 1940 nyumba ya zaluso ya mzinda wa Johannesburg inagula chithunzi chake cha nyumba zachikasu za ku Sophiatown, choyamba cha mmisiri wakuda kulowa m'nyumbamo. Kenako anakhala ku District Six, ndipo mu 1947 anapita ku Paris; anamwalira mu 1993. Mu 1955 boma la tsankho linayamba kusamutsa anthu a ku Sophiatown ndi kugumula nyumba zawo. District Six inatsatira pambuyo pa 1966. Sekoto sankadziwa kuti akusunga umboni. Ankangojambula msewu wa kwawo, ntchito imene chiphunzitso cha lero chikanaitcha yopanda "maganizo". M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi midzi m'maboma a kummwera kwa Malawi, ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Mafoni ambiri anapita ndi madzi. Pakhomo si malo okhalitsa monga amaganizira mwana wobadwirapo.

Zovuta zilipo, ndipo wozibisa akhala wonama ngati amene akutsutsidwa muno. Pepala ndi lodula. Magetsi amazima. M'mabanja ambiri munthu wokhala pansi akuyang'ana mpando kwa ola lathunthu amatchedwa waulesi, ndipo mlandu umenewu umagwera atsikana kawiri, chifukwa mtsikana akagwira kope mbale zili mbwee amakhala walakwira nyumba yonse, pamene mlongo wake amangosekedwa. Aphunzitsi amene amapereka ntchito ya kunyumba osaganizira zimenezi amadzadabwa kuti makope a anyamata ndi onenepa. Palinso akuluakulu amene safuna kuti nkhope yawo ikhale m'buku la munthu, ndipo ali ndi ufulu wokana. Wophunzira waulemu amapempha, amaonetsa chimene wajambula, ndipo amadziwa kuti pali malo, monga kudambwe kapena m'nyumba ya siwa, kumene pensulo iyenera kukhala m'thumba. Koma za zipangizo zokha zisakhale pothawira. Timitengo touma totsekeredwa m'chitini choboola pang'ono n'kuikidwa pamoto timasanduka makala ojambulira abwino. Kuseri kwa kalendala yakale ndi pepala. Ibrahim El-Salahi, amene anaphunzira ku Slade ku London, atatsekeredwa m'ndende ya Kober ku Sudan mu 1975, ankajambula pa tizidutswa ta matumba a simenti n'kumatikwirira mumchenga kuti alonda asatione.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yamphamvu, ndipo ayenera kuyankhidwa pa imeneyo. Amaloza ku Chongoni, m'mapiri a ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pa miyala amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zoyera za Achewa kumeneko, zokhudza chinamwali ndi nyau, sizifanana ndi nyama iliyonse monga imaonekera kutchire. N'zoona. N'zoonanso kuti phunziro la zojambula la m'sukulu za atsamunda, lokopera botolo ndi bokosi kuti woyesa mayeso wa kutsidya la nyanja akondwere, linali louma ngati chikuni. Palibe amene akunena kuti luso lonse lithere pa kufanizira. Koma kufupikitsa mwadala n'kosiyana ndi kulephera. Wojambula wa ku Chongoni ankalemba chizindikiro cha chiphunzitso kwa anamwali odziwa tanthauzo lake, ndipo m'chigawo chomwechi, m'mapiri a Drakensberg, ojambula a mtundu wa San anaika pa miyala nchefu zokhala ndi khungu lolendewera pakhosi, ubweya woimirira ndi miyendo yopingasa ya nyama imene ikufa, zinthu zimene amaziona ndi mlenje yekha amene anaimapo pafupi. Ku Mua, m'nyumba ya Chamare ya pa Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Simoni, wa nkhope yofiira uja, ndi Mzungu wopsa ndi dzuwa. Bwalo limaseka chifukwa limamuzindikira, ndipo limamuzindikira chifukwa wosema anayang'anitsitsa Mzungu weniweni, n'kusankha chimene akuze. Munthu sangakokomeze mphuno imene sanaione. Ngakhale achinyamata a ku Zaria amene mu 1958 anaukira maphunziro achingelezi, Uche Okeke ndi anzake, sanataye pensulo. Okeke anaitengera kwa amayi odziwa kulemba uli pa makoma ndi pa matupi, ndipo anali ojambula okhwima asanaukire.

Chimene madipatimenti a zaluso ayenera kuchita si chodula. Wophunzira aliyense atseke sukulu ali ndi kope, ndipo potsegulira abwere nalo lodzaza ndi za kwawo: manja ake, mapazi a mng'ono wake ali mtulo, njinga yotsamira pa khoma, mbaula, mbuzi, nkhope yake ya pa kalilole. Tsamba lililonse likhale ndi tsiku lake. Kopelo likhale ndi malikisi ake enieni, osati mawu oyamikira a pakamwa, chifukwa ophunzira amadziwa bwino kuti chimene sichiwerengedwa pa mayeso n'chimene aphunzitsi sachiyesa kanthu. Woliona asafune kukongola. Afune mtondo umodzi wojambulidwa ka 20 kuchokera mbali zosiyanasiyana, m'mawa ndi madzulo. Afune mizere yoyamba yolakwika imene yasiyidwa pansi pa mizere yokonza. Afune nkhuku zopanda mitu chifukwa zinathawa pensulo isanafike pakhosi. Akapeza kope loyera bwino, lopanda cholakwika ngakhale chimodzi, la nkhope zomwetulira zoyang'ana kutsogolo zokhazokha, alibweze kwa mwini wake ndipo amufunse kuti foni yake ndi ya mtundu wanji.